Umboni Wanga Unamera Nthambi

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindinasutepo kanthu chibadwire, ngakhale ndudu ya chingambwe. Ndikunena zimenezi chifukwa masiku ano ndikamadutsa pa doko kuno ku Chipoka, asodzi osoka maukonde amaimirira, kuvula zipewa, n'kundipatsa moni wa ulemu wopyola muyezo, ulemu umene sanandipatsepo zaka zonse zimene ndinali kalaliki wa ku njanji. Ulemu umenewo sindikuufuna. Unabwera molakwika. Ndiye ndati ndifotokoze ndekha mmene unabwerera, musanamve kwa mnansi wanga Che Amidu, amene nkhani akaigwira amaithira mchere ndi tsabola.

Ine ndine munthu wosunga mapepala. Ndili ndi chiphaso cha ubatizo, kalata yondilemba ntchito, kalata yondipumitsa ntchito, lisiti la njinga imene inabedwa kalekale, komanso makope a makalata onse amene ndinalemberapo anthu ondilakwira. Akazi anga, mayi a Tadala, amati nyumba yathu ikadzapsa anthu adzaotha moto mpaka ku boma. Ine ndimawayankha kuti munthu wopanda umboni ndi wamasiye pa bwalo la milandu. Mfundo imeneyi inandithandiza moyo wanga wonse, mpaka chaka chathachi.

Pakhomo pathu ndi pamchenga. Ukabzala chinthu, madzi amangodutsa ngati mwathira m'lichero. Choncho mvula itatsala pang'ono kusiya ndinaganiza zobzala matimati m'zidebe zakale za penti. Ndinatulutsa kapepala kamene alangizi a zaulimi anatigawira zaka zapitazo (enanu munayatsira mbaula, ine ndinasunga), ndipo ndinatsata zonse zimene kananena. Kanati boolani pansi pa chidebe kuti madzi azituluka: ndinaboola ndi msomali, mabowo akuluakulu. Kanati dothi labwino ndi la pansi pa mtengo wa msangu: ndinatenga wilibala n'kukatapa dothi lakuda bii pansi pa msangu waukulu umene uli pafupi ndi doko.

Matimati anamera bwino. Koma m'chidebe chimodzi munatuluka kambewu kena kamene kanali ndi changu kuposa anzake. Anzake akukwawa, iko kanali kataimirira kale. Ndinanyadira. Ndinaitana mayi a Tadala kuti adzaone.

Anawerama, n'kuyang'ana, n'kuweramuka pang'onopang'ono.

"Bambo a Tadala, matimati a masamba ngati zala za munthu munawaonapo kuti?"

"Ndi mtundu wamakono," ndinatero.

"Wamakono ndithu. Mtundu umenewu zipatso zake munthu amakadyera kundende. Chimenechi ndi chamba, zulani."

(Musandifunse kuti anachidziwa bwanji. Ndinawafunsa ndekha, ndipo anandiyankha kuti aliyense amene anakulira kumudzi osati mu ofesi amachidziwa. Ine chamba ndinkachiona chouma kale, m'matumba ogwidwa pa siteshoni. Chachiwisi sindinachionepo.)

Munthu wina akanazula pomwepo n'kupita kukamwa tiyi. Koma ine mtima unali utatentha kale. Chamba sichiyenda ndi miyendo. Ngati chamera m'chidebe cha mkulu wa mpingo, ndiye kuti pali amene wachiikamo kuti aipitse dzina la mkulu wa mpingoyo. Ndipo sindinavutike kumufunafuna. Kuseri kwa mpanda wanga wa bango kumakhala Che Amidu, wogula ndi kuyanika usipa, amene mathandala ake oyanikapo nsomba amatitumizira ntchentche chaka chonse. Ndinali nditamulembera makalata ambiri pa nkhani ya ntchentchezo. Kalata yomaliza ndinamuuza kuti popeza pakamwa timangokangana, asadzandilankhulenso, chilichonse chimene akufuna kunena azichita kulemba. Kuchokera pamenepo sanandilankhulenso, komanso sanalembe. Amangoti akandiona n'kumwetulira. Munthu womwetulira chotero, ndinaganiza, ndi amene angaponye njere pamwamba pa mpanda.

"Sindizula," ndinawauza mayi a Tadala. "Umenewu ndi umboni. Ukazula umboni, mlandu wafa."

"Nanga chinkhoswe cha mwana wanu?"

Apa ndiye panali pamene panagona nkhani. Mwana wathu Tadala anali atapeza mnyamata wabwino, Yamikani, wogwira ntchito pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay, ndipo chinkhoswe chinali choti chidzachitikire pabwalo pathu pomwepa nyengo ya mwera. Nkhoswe ya mnyamatayo anali amalume ake, a Kachingwe, mkulu wa mpingo wa kwawo, munthu wodziwika kuti anabwezapo ukwati wa mphwake wina atangoona mbiya yotchezera kachasu kuseri kwa nyumba ya apongozi. Munthu ngati ameneyo akadzaona chamba pakhomo pa bambo wa mkwatibwi, ukwati wa Tadala ukanathera pomwepo, tambala asanaperekedwe n'komwe.

Ndinawalimbitsa mtima mayi a Tadala kuti mlandu udzakhala utatha kalekale tsikulo lisanafike. Kupolisi sindikanapita nacho. Tangoganizani, nkhalamba ili pa kabaza, chidebe cha chamba pamiyendo, wapolisi n'kukuimitsa panjira, iwe n'kumati "ndimabwera nacho kwa inu komweko." Mawu amenewo wogwidwa aliyense amanena. Kuwaitanira kunyumba nakonso kukanasonkhanitsa mudzi wonse pachipata. Komanso ndinali nditamva pa wailesi kuti masiku ano boma limapereka chiphaso kwa ofuna kulima mbewuyi mwalamulo, ndipo zinandiwawa kuzindikira kuti pa mapepala onse a m'nyumba mwanga, limenelo lokha ndiye linalibemo. Choncho ndinalembera wapampando wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi kupempha kuti andiitane pamodzi ndi Che Amidu pa "nkhani ina yachinsinsi." Kope ndinasunga.

Komiti inalonjeza kukumana. Kenaka kunagwa maliro. Maliro atatha, wapampando anapita ku Lilongwe kukadwazika mlongo wake. Atabwerako, mlembi anali ku ukwati. Nthawi yonseyi umboni wanga sunali kudikira. Mapepala ali ndi ubwino umodzi umene sindinkauyamikira mokwanira: ukawaika mu faelo, mawa umawapeza ali momwemo.

Ntchito yanga inali imodzi basi: chomeracho chisapitirire mpanda, chifukwa kuseri kwa mpandawo kumadutsa kanjira kopita kunyanja. Ndinadziuza kuti munthu amene anayendetsa mabuku a siteshoni osasoweka ngakhale thumba limodzi la mchere sangagonje kwa tsamba.

Poyamba ndinaganiza zochimana dzuwa. Ndinanyamula chidebe n'kukachiika pakona, pakati pa bafa ndi mpanda, pamene dzuwa limangofika mozemba. Ndinkati chikasowa dzuwa chifooka. Icho chinaganiza zopita kukalifuna dzuwalo komwe lili. Chinatalika ngati mwana wa sukulu amene wasiya kabudula m'mawondo, chowonda, khosi lili m'mwamba, kulunjika nsonga za bango.

Ndiye ndinakumbukira mmene malemu bambo anga ankathenera fodya, kudula nsonga kuti asapitirire kukwera. Ndinatenga sizasi ya mayi a Tadala (anaifunafuna sabata imeneyo, ine ndili chete) n'kudula kumutu. Ndinagona tulo tabwino. Patapita masiku ndinapeza kuti pamene panali mutu umodzi patuluka mitu iwiri. Ndinadula yonse iwiri. Inatuluka inayi. Ine masamu ndimawadziwa, ndipo ndinaona kumene masamu amenewa akulowera, koma mkwiyo unali utandigwira. Ndinadulanso. Chomera chimene chinali ngati ndodo chinasanduka chitsamba.

Apa ndiulule chinthu chimodzi, chifukwa chidzafunika kutsogoloku. Zodulazo sindinkataya. Zinali mbali ya umboni. Ndinkaziyanika bwinobwino pamwamba pa kabati kuti zisachite nkhungu, kenaka n'kuziika m'thumba la pepala la simenti, n'kulemba panja pake kuti "Za mlandu wa Amidu." Kwa ine zimenezi zinali dongosolo chabe.

"Kodi umboni wanu uja mukuumeta ngati mwana wopita ku sukulu, ukuchepa?" anafunsa mayi a Tadala tsiku lina akuchokera kubafa.

"Zili m'manja," ndinatero.

"Thaulo langa layamba kununkha."

Kudula kutakanika, ndinati ngati sichifuna kufupika, chigone. Ndinapita pa doko kukapempha ulusi wa ukonde wakutha. Amene anandipatsa ndi bambo wina wamandevu dzina lake Saidi, mmodzi wa asodzi amene amapalasa usiku n'kumasoka maukonde masana. Anandipatsa wambiri kuposa umene ndinapempha, n'kunena kuti, "Wofewa ndi uwu, madala, sutupula khungwa." Ndinadabwa kuti wadziwa bwanji kuti ndi womangira chomera, koma ndinati mwina akuganiza za matimati.

Ndinakhoma tizikhomo kuzungulira chidebe, n'kupinda nthambi iliyonse, n'kuimangirira pansi. Ndinagwira ntchito imeneyo mwaluso, sindinama. Nthambi zinagona mbali zonse ngati nthiti za ambulera. Kutalika kunatsikadi mpaka m'chiuno, ndipo tsiku limenelo ndinayenda pabwalo manja ali kumbuyo ngati bwana woyendera siteshoni. Koma nthambi yogona, abale anga, siigona tulo. Paliponse pamene panali tsamba panatuluka mphukira yoloza kumwamba. M'malo mwa mitu ingapo ndinakhala ndi mpingo wathunthu, wonse utaimirira ngati ukuimba nyimbo yotsekera. Chitsamba chinatambalala ngati tebulo, mpaka wopita kubafa ankachita kudutsa chammbali.

Ndinatsala ndi chida chimodzi: ludzu. Ndinasiya kuthirira. Dzuwa la ku Salima mukulidziwa, limaumitsa usipa munthu akuonerera. Matimati a m'zidebe zina ndikawaiwala tsiku limodzi ankalefuka ngati ofedwa. Koma ichi ayi. Dothi la m'chidebe linauma gwa, n'kung'aluka, icho chili biriwiri, masamba akunyezimira. Ndinafika poganiza kuti Che Amidu akumachithirira mobisa pamwamba pa mpanda, ndipo ndinalemba ganizo limeneli kuti ndikalinene ku komiti.

Mitu ina itayambanso kusuzumira, ndinagula bango n'kuwonjezera mpanda, koma pakona pokhapo. Mpanda wonse wofika pachifuwa, pakona pokha potalika ngati pavala chisoti. Che Amidu, amene sankaloledwa kundilankhula, anaima pakati pa mathandala ake n'kuuza nkhuku zake mokweza kuti, "Mashallah, chaka chino ngakhale mipanda ikukula. Kaya akuithira manyowa anji."

Ndinalemba mawu amenewonso.

Kenaka chinayamba kuchita maluwa, ndipo ndinaphunzira kuti mpanda umatchinga maso okha. Fungo linkadutsa m'mipata ya bango n'kukakhala m'kanjira ka kunyanja. Ndi nthawi imeneyi pamene moni wa pa doko unasintha. Tsiku lina ndikupita kukagula ndiwo, Saidi uja anandikokera pambali, chipewa chili m'manja.

"Madala, ife takhala tikusuzumira pa mpata paja. Tagonja. Anthu amangochisiya chikwere ngati chimanga, koma inu mwachiyala ngati mphasa. Dzanja limenelo munaphunzira kuti? Kunja?"

"Iwe, ukulankhula ndi mkulu wa mpingo!"

"N'chifukwa chake sitinauze munthu, madala. Ife ndi anu. Tingopempha kuti nthawi yake ikafika musatiiwale."

Ndinabwerera kunyumba wopanda ndiwo. Miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti ndikuchilanga chomeracho, pomwe kwa odziwa ndinali kuchilera ngati mwana wa bwana. Mayi a Tadala atamva anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, kenaka anasiya kuseka mwadzidzidzi n'kunena kuti, "Chinkhoswe ndi Loweruka. Muzula kapena ndizule ine?"

Koma wapampando anali atangonditumizira uthenga kuti komiti ikumana ndithu sabata yotsatira chinkhoswe. Nditapirira miyezi yonseyi, ndiwononge umboni mlandu uli pakhomo? Ndinawauza mayi a Tadala kuti m'mawa wa Loweruka ndidzanyamula chidebe n'kukachitsekera m'chipinda mwathu, alendo akapita n'kuchibwezera. Anati, "Ukwati wa mwanayu ukatha chifukwa cha chidebe, inu ndi mapepala anu mudzakagona m'chidebe momwemo."

Loweruka linafika. Kutsogolo kwa nyumba amayi a kutchalitchi anali atayamba kale kusenda anyezi ndi kutsuka mpunga, anyamata akumanga tenti. Ine ndinazembera kuseri, n'kumasula ulusi pa zikhomo, n'kukumbatira chidebe, nkhope yonse ili m'masamba. Ndinakoka. Sichinasunthe. Ndinati mwina ndi ukalamba. Ndinaika mapazi bwino, n'kupuma, n'kukoka ndi mphamvu zonse za penshoni yanga. Chimene chinasuntha ndi msana. Ndinamva kuti khwa! ndipo ndinatsala chowerama, manja ali pa chidebe, osatha kuweramuka, osathanso kukuwa chifukwa kukuwa kukanabweretsa amayi onse a kutchalitchi.

Amene anamva kubuula kwanga ndi Che Amidu. Mutu wake, ndi kofia yake yoyera, unatulukira pamene mpanda wautali umathera.

"Achimwene," anatero, "ndilankhule, kapena ndithamange ndikalembe?"

"Lankhulani! Ndipo muyambe ndi kuvomera kuti ndinu munaponya njere m'chidebe changa!"

Anazungulira, n'kulowa pa kachipata ka kuseri, n'kundigwira m'chiuno kundikhazika pa mwala wa pabafa. Kenaka anagwada n'kusuzumira pansi pa chidebe.

"Wallahi, mizu yake ngati ya chinangwa. Yadutsa m'mabowo anu aja, yalowa pansi, ikumwa madzi a kubafa. Mukasamba inu, chamwa. Akasamba mayi, chamwa. Ichi sichili m'chidebe, achimwene, changovala chidebe ngati siketi."

"Musazembe nkhani."

"Ine ndi Haji, zimenezi kwa ine ndi haramu, ngakhale kuzigwira ndikasambanso m'manja. Ndikufunseni ine: dothi munatapa kuti?"

"Pansi pa msangu wa pa doko. Motsata malangizo a boma."

Anakhala padothi n'kugwira mutu. Mapewa ankagwedezeka ndi kuseka.

"Pamsangu! Pamene asodzi amakhala akabwera kunyanja? Mukuganiza kuti amakhalira mthunzi wokha? Pamenepo ndi pamene amapeta fodya wawo wamkuluyo, njere n'kumataya pansi. Mvula ikagwa pamamera ngati nazale, mbuzi n'kumadya. Mudzi wonse umadziwa kuti dothi la pamenepo satapa. Ine ndinakuonani ndi wilibala yanu tsiku lija, ndinatsegula pakamwa, kenaka ndinakumbukira kalata yanu."

"Bwanji simunalembe?"

"Ine pepala ndimakulungira usipa, achimwene."

Mayi a Tadala anatipeza tili chomwecho. Anabwerera, n'kubwera ndi chikwanje, ndipo ntchito imene inandilaka miyezi yonse anaimaliza ndi dzanja limodzi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Chilipo china chimene mwasunga?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinatchula za thumba la simenti. Anakalitenga pamwamba pa kabati, atalitsegula anangoti, "Ambuye, ndinakwatiwa ndi sitolo."

Che Amidu anati tikumbe dzenje tikwirire. Koma kunali kutacha kwambiri, msana wanga sukanagwira khasu, ndipo kumsewu kunkamveka kale hutala ya minibasi ya alendo. Apa ndinaona mpata woti ndibwezeretse ulemu wanga pang'ono. Ndinati ku njanji katundu woletsedwa tinkamutentha, ndiwo mwambo wake wovomerezeka. Che Amidu anati, "Achimwene, mwera." Ndinanyowetsa chala n'kuchikweza m'mwamba. Kunali bata. Ndinalamula kuti zonse ziponyedwe m'dzala la zinyalala kuseri, zouma pansi, zaziwisi pamwamba, ndipo machesi ndinakhwatcha ndekha. Kenaka ndinakavala suti, n'kupita kukakhala kutsogolo chowerama, anthu n'kumati taonani bambo wa mkwatibwi kudzichepetsa kwake.

Mwambo unayamba bwino. Ankhoswe anapatsana moni, a Kachingwe atakhala tsonga mu jekete lakuda, Baibulo pabondo, maso akuyendayenda pabwalo ngati akuwerenga machimo. Atsikana ofundidwa zitenje anatulutsidwa kuti a kuchimuna asankhe wawo, amayi akululutira. Ndi pamenepo pamene mwera unadzuka. Unachokera kunyanja monga umachitira masiku onse dzuwa likakwera (zimene ndikanazidziwa ndikanamvera), n'kudutsa pa dzala, n'kunyamula utsi woyera wonenepa, n'kudzaukhazika mu tenti ngati mlendo wolemekezeka.

Nthungululu zinazima imodziimodzi. Ndinaona mphuno zikugwira ntchito. Abusa anatsokomola n'kuyamba kuwerenga denga la tenti. Mayi wina wa kwaya anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana anzake, n'kutsekanso. Kumpanda kunali kutafika asodzi, Saidi ali patsogolo, ataima mwaulemu mbali imene utsi unkatulukira, akuti adzaonerere chinkhoswe. Nkhope zawo zinali ngati za anthu oonerera nyumba yawo ikupsa.

Ndinayang'ana Tadala. Anali atangovundukulidwa chitenje, ndipo ankandiyang'ana ine. Sindidzaiwala maso amenewo. Pa nthawi imeneyo ndikanapereka mafaelo anga onse kuti mphepo itembenuke.

A Kachingwe anakweza mutu, n'kukoka mpweya kawiri. "Kodi fungo limeneli," anayamba, "si la..." Anaima. Tenti yonse inawayang'ana, kudikira kuti mkulu wa mpingo atchule dzina la chinthu chimene mkulu wa mpingo sayenera kudziwa fungo lake. Ndinaona kuti nawonso azindikira msampha umene aupondawo. Munthu aliyense mu tenti muja ankalidziwa fungolo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanayamba kuvomera.

Mawu anachokera kuseri kwa mpanda.

"Pepani alendo athu, pepani ndithu!" anali Che Amidu, kofia ikuonekera pamwamba pa bango. "Ndine ndalakwa. Ndikutentha udzu wakale wa pa mathandala anga a usipa. Mafuta a nsomba akalowa mu udzu amanunkha zachilendo. Ndithira madzi pompano."

"Ooo, ndi udzu wa usipa!" anatero mayi wa kwaya uja mokweza, ngati munthu amene wapulumuka pa ngozi.

"Usipa ndithu," anavomera abusa.

"Kunyanja kuno kuli fungo la mitundumitundu," anatero a Kachingwe, n'kutsegula Baibulo lawo.

Ndinamva ndowa ikukhuthulidwa kuseri, kenaka ina. Utsi unachepa. Asodzi anabalalika mwachisoni. Tambala ndi msoti zinasinthanitsidwa, mphete zinavekedwa, ndipo anthu anadya mpunga mochititsa mantha, moti mayi a Tadala anachita kuphikitsa wina. (Iwo amati chinali chifukwa cha utsi. Ine ndimati mpunga wake unali wabwino.)

Potsanzikana, a Kachingwe anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kuyamika kuti mwana wawo walowa m'banja la mwambo. Kenaka anawerama kufika pamene panali khutu langa, poti ndinali chowerama, n'kunong'ona kuti, "Koma usipa umenewu mwaukolola msanga. Mukanadikira milungu iwiri." Anawongoka, n'kukonza jekete, n'kukakwera minibasi osacheuka.

Komiti inakumanadi sabata yotsatira, kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho. Ndinaitumizira kalata yochotsa dandaulo langa, ndipo mpaka lero wapampando amandifunsa kuti nkhani yachinsinsi ija inali yotani. Tadala anakwatiwa, ali ku Senga Bay, ndipo anayambanso kundilankhula. Mayi a Tadala anandipatsa lamulo loti umboni uliwonse wofuna kuthiriridwa usadzalowenso pakhomo pano. Matimati aja, amene ndinawaiwala pa nkhondo yonseyi, anauma osabala ndi limodzi lomwe.

Kwa Che Amidu ndinayenera kuthokoza. Mayi a Tadala anati ndingopita ndikamugwire chanza ngati munthu. Koma nkhani yaikulu chotere siyenera kuthera pakamwa, choncho ndinakhala pansi n'kumulembera kalata yothokoza ya masamba awiri, yochotsanso lamulo lija loti asamandilankhule. Kope ndinasunga. Patapita masiku ochepa mkazi wake anabwera ndi mphatso ya usipa wowamba bwino, wa mafuta, wokulungidwa m'pepala. Nditafunyulula ndinaona dzanja langa lomwe: "Wokondedwa mnansi wanga."

Usipawo tinadya, unali wokoma. Pepalalo ndinaliwongola ndi simbi n'kuliika mu faelo pamwamba pa kabati, chifukwa ndi umboni woti kalata yanga inafika. Tsopano mphaka wathu amagona pamwamba pa kabati, ndipo ntchentche za Che Amidu sizivutikanso kuzungulira panja, zimangolowa m'chipinda.